Tayala silithina lili lokha

Pakati pa okwera njinga zothamanga, zija za matayala owonda ndi zogwirira zopindikira pansi, pali funso limene silikalamba: kodi ndi tayala liti limene limalowa pa limu popanda nkhondo? Kawirikawiri wofunsayo amakhala atathyola kale zovulira tayala ziwiri, atatsina chubu chatsopano mpaka kuchiboola, zala zake zazikulu zili matuza okhaokha. Oyankha nawo sachedwa. Wina amatchula Vittoria, wina Michelin, wina Panaracer, kenaka pamatulukira wachinayi wolumbira kuti tayala lomwe anzakewo akulitamalo linamudyera iye tsiku lathunthu. Palibe amene akunama. Onse anayi akunena zimene manja awo anakumana nazo, ndipo kusagwirizana kwawoko kukuonetsa kuti funsolo lili ndi mwendo umodzi.

Mneni wakuti kuthina amafuna zinthu ziwiri, chothina ndi chothinidwa. Nsapato siithina ili pa shelefu m'sitolo. Imathina paphazi la uje, pomwe paphazi la mnzake ikukhwepa. Tayala nalo limodzimodzi. Kulemera kwake ndi kwake, mtundu wake ndi wake, koma kuvuta kapena kuphweka kwake poliveka kumabadwa pamene lakumana ndi limu inayake, yokhala ndi tepi inayake, m'manja mwa munthu winawake. Wogula amene akusakasaka dzina limodzi loti limupulumutse akhoza kuwononga ndalama za matayala atatu, vuto lili pa limu yake.

M'mphepete mwa tayala, mbali zonse ziwiri, muli chingwe chozungulira chimene chimapanga milomo yake. M'matayala otsika mtengo chingwecho chimakhala waya wachitsulo. M'matayala otha kupindidwa chimakhala ulusi wa aramid, umene ambiri amaudziwa ndi dzina lamalonda la Kevlar. Ntchito ya chingwechi ndi imodzi: kukana kutanuka. Chikanati chizitanuka ngati mphira wa legeni, mpweya umene umapopedwa mpaka ma bar 6 kapena 7 m'matayala owonda ukanakankhira tayala kunja kwa limu. Tsono pamalo pamene milomoyo imakhazikika, limu ya njinga yothamanga ndi ya mamilimita 622 poyeza modutsa pakati, ndipo kuzungulira kwake ndi mamilimita pafupifupi 1,954. Zipupa za limu zimakwera mamilimita 5 kapena 6 pamwamba pa malowo. Izi zikutanthauza kuti mlomo wosatanuka uja uyenera kulumpha mkombero umene ukuuposa kutalika ndi mamilimita opitirira 30. Mphamvu ya zala siingathetse masamu amenewa.

Chimene chimawathetsa ndi ngalande imene imadutsa pakati pa limu. Mlomo wa tayala ukatsikira m'ngalandemo mbali imodzi ya wilo, umapereka mpata woti mbali inayo ikwere chipupa. Nzeru imeneyi ndi yakale. Tayala la mpweya la John Boyd Dunlop la mu 1888 linkamatidwa ndi kukulungidwa pa wilo, moti kukonza chubu chobooka inali ntchito ya maola. Mu 1890 Mngelezi wina, Charles Kingston Welch, analembetsa luso la tayala la milomo ya waya loyenda ndi limu ya ngalande, ndipo chaka chotsatira Charles Terront anapambana mpikisano wa Paris–Brest–Paris pa matayala ovulika a abale a Michelin. Kuchokera nthawi imeneyo cholinga chinali chodziwikiratu: wokwera azitha kuvula tayala panjira, kumata chubu, n'kupitiriza ulendo. Limu yotchedwa yothina nthawi zambiri imakhala ya ngalande yosazama kapena yopapatiza, kapenanso ngalande yake yakwiririka ndi tepi.

Koma tayala lisanaweruzidwe, ndi bwino kufunsa kaye ngati lili la limuyo n'komwe. Ku Malawi, ku Zambia ndi kumpoto kwa Mozambique njinga zothamanga zambiri zimafika zili zakaunjika, za mibadwo yosiyanasiyana, ndipo mayina a masaizi a matayala ndi msampha weniweni. Limu ya mamilimita 622 Afalansa anaitcha 700C, ku Germany imatchedwa ya mainchesi 28, ndipo pa njinga za m'mapiri yomweyo imatchedwa ya mainchesi 29. Njinga zothamanga zakale za ku Britain ndi ku America zinali ndi limu yotchedwa ya mainchesi 27, imene ndi ya mamilimita 630. Ndiye kuti 27 ameneyu ndi wamkulu kuposa 28 uja. Pomwe njinga zakuda zonyamula katundu, zija za mabuleki a ndodo zimene akabaza ambiri akhala akupalasa, zimavala tayala lolembedwa 28 x 1½, la mamilimita 635. Mayina atatu ooneka ngati apachibale, zinthu zitatu zosalowana mpang'ono pomwe. Tayala la 622 silingalowe pa limu ya 630 ngakhale atabwera amuna anayi, pakuti kusiyana kwa mamilimita 8 modutsa pakati kumasanduka mamilimita 25 pozungulira. Tayala la 635 pa limu ya 622 limalowa mokoma ngati malaya a mkulu wako, ndipo limaphulika likangomva pampu: chikomekome cha nkhuyu.

Chiyankhulo cha tsiku ndi tsiku nachonso chimawonjezera chifunga, chifukwa ambiri akati tayala amatanthauza wilo lonse, mphira, limu ndi masipoko omwe. Munthu akauza wokonza njinga kuti tayala lavuta, sanatchule wolakwa. Dzina lokhalo losanama ndi manambala awiri olembedwa pambali pa tayala, monga 25-622 kapena 28-622. Yoyamba ndi kutambalala kwa tayala, yachiwiri ndi kukula kwa limu imene likuyenera, zonse m'mamilimita. Kalembedwe aka n'ka bungwe la ETRTO la ku Ulaya, lomwe linakhazikitsidwa mu 1964, ndipo kanalowa mu muyeso wa dziko lonse wa ISO 5775. Wogula amene sanawerenge nambala yachiwiriyo alibe mlandu ndi fakitale iliyonse.

Ngakhale manambala atagwirizana, 622 wa fakitale ina sakhala ndendende 622 wa inzake. Muyeso umalola limu kuposa kapena kuperewera ndi pafupifupi theka la milimita, ndipo milimita imodzi modutsa pakati ndi mamilimita oposa 3 pozungulira. Tayala nalo lili ndi kupelewera ndi kuposa kwake. Limu yonenepa pang'ono ikakumana ndi tayala lofupika pang'ono, zonse zili m'malamulo, mwini njinga ndiye amatuluka thukuta. Apa ndi pamene pachokera kusagwirizana kwa alangizi anayi aja.

Kuti madandaulo achuluka m'zaka zaposachedwa si maloto ayi, ndipo gwero lake ndi matayala opanda chubu, amene amalonda amawatcha tubeless. Kampani ya Mavic inawabweretsa pa njinga za m'mapiri mu 1999, ndipo Shimano ndi Hutchinson anawafikitsa pa njinga zothamanga mu 2006. Tayala lopanda chubu liyenera kugwira limu mwamphamvu kuti mpweya usathawe, motero milomo yake imapangidwa yolimba kwambiri, ina ndi ulusi wa kaboni umene sugonja ngakhale pang'ono. Limu yake imakhala ndi mapewa okwera mbali zonse za ngalande, ena okhala ndi kamzere kotukuka kotsekera mlomo kuti usabwerere. Kwa zaka zoposa 10 makampani analibe muyeso umodzi wa matayala otere pa njinga zothamanga. Opanga malimu, poopa kuti tayala lingavuke, ankakonda kukulitsa limu pang'ono. Opanga matayala, poopa zomwezo, ankakonda kufupikitsa milomo. Aliyense ankadziteteza, ndipo mantha awiriwo ankakumanirana pa zala za wogula. Miyeso yogwirizana inadzakhazikika cha m'ma 2020, ndipo zinthu zayamba kusintha. Chitsanzo chodziwika ndi tayala la Continental Grand Prix 5000 TL la mu 2018, limene linatchuka ndi liwiro komanso ndi kuvuta kuveka. Mu 2021 kampaniyo inalilowetsa m'malo ndi S TR, ndipo kuphweka kwa kuveka kunali chimodzi mwa zimene inalengeza.

Chosakondweretsa n'chakuti mawilo ambiri atsopano amabwera okonzedwa kale kuti alandire matayala opanda chubu, kaya wogulayo akuwafuna kaya ayi. Wokwera amene anasankha kukhalabe pa chubu amalipira nawo msonkho wa luso limene sakuligwiritsa ntchito. Luso limeneli ubwino wake ulipo ndithu: madzi omata amene amathiridwa m'tayala amatseka zibowo za minga njinga ili pa liwiro, ndipo tayala limayenda ndi mpweya wocheperako popanda chubu choti chitsinike. Koma anthu amene amaonetsera dziko zipangizozi ali ndi galimoto m'mbuyo mwawo. Wopikisana mu Tour de France tayala likaphwa amangokweza mkono, makaniko n'kumupatsa wilo lina. Wokwera amene tayala lamuphwera pakati pa Dedza ndi Ntcheu, kapena pa Great East Road atangopitirira Katete, dzuwa likupendeka, galimoto yake ndi zala zake. Wokonza njinga wapansi pa mtengo wamango amene angamupeze pamsika wapafupi ndi katswiri pa njinga za 635, ndipo chida chake chovulira ndi sikuludilaiva kapena chigwiriro cha supuni. Pa limu yachitsulo zida zimenezo n'zabwinobwino. Pa limu ya kaboni ndi maliro. Tayala limene silingavulidwe ndi kuvekedwanso m'mbali mwa msewu ndi mwini wake lalephera mbali ina ya ntchito yake, ngakhale litathamanga chotani, ndipo olemba za matayala amene amayeza liwiro mpaka kadontho koma osatchula za kuveka akusiya theka la nkhani.

Komabe mlandu wonse sungapite ku mafakitale. Matayala ambiri otchedwa osatheka amatheka, ndipo choyamba kuunika ndi tepi imene imaphimba mabowo a masipoko. Tepi yansalu yokhuthala, monga ya Velox imene yakhala ikudaliridwa kwa mibadwo, inali yoyenera malimu akale a ngalande zakuya. Pa limu yamakono imadya mpata umene mlomo wa tayala ukanatsikiramo. Tepi yokhuthala ndi theka la milimita kuposa inzake imakulitsa mkombero wa m'ngalande ndi mamilimita 3, ndipo pa sitepe yomaliza ya kuveka mamilimita 3 ndi ambiri. Kuchotsa tepi yotere n'kuika yopyapyala ya pulasitiki, yozungulira kawiri n'kukanikizidwa bwino mpaka pansi pa ngalande, kumatha kusandutsa limu yankhanza kukhala yaulemu pa mtengo wochepera kutali pa wa tayala latsopano. Lamba wodulidwa ku chubu chakale, amene amathandiza pa njinga zakumudzi, pano ndi woipa pawiri: ndi wokhuthala, ndiponso mpweya wamphamvu umamukankhira m'mabowo a masipoko.

Chachiwiri ndi kavekedwe. Anthu ambiri anaphunzitsidwa kuyambira pa valavu n'kukathera mbali inayo. Pa limu yothina dongosolo loyenera ndi lotembenuza: kuyambira moyang'anizana ndi valavu n'kukathera pa valavu penipeni, chifukwa tsinde la valavu limatsekereza mlomo kuti usatsikire m'ngalande, ndipo malo otero ayenera kukhala omaliza. Chubu chipopedwe pang'ono pokha kuti chikhale ndi thupi, chisapindike pansi pa mlomo. Pakatsala kachigawo kotsiriza kamene kaima nji ngati chingwe cha uta, nthawi yakwana yosiya kukankha. Woveka abwerere kumene anayambira, achotse mpweya wotsala m'chubu, afinye milomo yonse iwiri kuti igwere pakati pa ngalande, ndipo azikokera mpata umene wapezekawo ndi manja onse awiri kulowera ku valavu, wilo litatsamira pansi kapena pantchafu. Akabwereza kawiri kapena katatu, kachigawo kaja kamafupika kokha, ndipo kotsalako kamagubuduzidwa ndi zikhatho, osati ndi nsonga za zala. Madzi a sopo amathandiza mlomo kutsetsereka ndipo amauma osasiya vuto. Mafuta ophikira, girisi ndi mafuta odzola sayenera kuyandikira mphira kapena malo ogwira mabuleki. Tayala latsopano likaothera dzuwa kwa kanthawi limafewa, ndipo dzuwa ndi chida chimene dera lino silisowa. Tayala la aramid likagona usiku umodzi lili lopopedwa pa limu, kuveka kwachiwiri kumakhala kopepukirapo.

Zonsezi zikachitika, m'pamene funso la mtundu wa tayala limakhala ndi tanthauzo, ndipo yankho lake lili m'kapangidwe koposa m'dzina. Pa limu imodzimodziyo, tayala lopangidwira chubu nthawi zambiri limalowa mosavuta kuposa mbale wake wopanda chubu wa kampani yomweyo. Tayala lopindika la aramid, lokhala ndi zipupa zofewa, limamvera manja kuposa la waya lokhala ndi chikopa chochindikala choteteza ku minga. Schwalbe Marathon Plus amalemekezedwa chifukwa sabooka wamba, koma kuuma kwake kumachititsa milomo kuthawa m'ngalande munthu akangosuntha dzanja, moti ena amaimanga ndi zingwe poveka. Matayala a ulusi wa thonje opangidwa mwaluso, monga a Veloflex, a Challenge ndi Vittoria Corsa, amatuluka m'bokosi ali athyathyathya ngati lamba, ndipo tsiku loyamba amasautsa chifukwa alibe mawonekedwe a tayala. Akazolowera limu amavuka ndi manja okha. Tayala la mamilimita 28 kapena 32 limapereka malo ogwira ndi malo obisalamo chubu kuposa la 23, ngati felemu ndi mabuleki zikulola. M'misewu ya zigamba ndi maenje kutambalala kotereku n'kofunika kale pa zifukwa zina.

Pali malire amene wofunafuna tayala lofewa sayenera kuwoloka. Malimu ambiri ali ndi kambedza m'kati mwa chipupa, kamene kamakola mlomo wa tayala mpweya ukalowa. Malimu ena atsopano a kaboni alibe kambedzako. Zipupa zake n'zowongoka, ndipo chimene chimagwira tayala ndi kuthina komwe kuja kumene aliyense akudandaula nako. Pa malimu otere ETRTO imaletsa kupopa kupitirira ma bar 5, ndipo tayala liyenera kukhala lopangidwira limu yopanda mbedza ngakhale mwini wake ataikamo chubu. Tayala lopangidwira chubu likalowa mokoma pa limu yotere, kukomako ndi chenjezo. Nkhaniyi inafika pa maso a dziko mu February 2024, pamene Thomas De Gendt anagwa mu mpikisano wa UAE Tour tayala lake lakutsogolo litavuka pa limu yopanda mbedza. Opanga zipangizozo anati wilo linagunda chinthu pamsewu, ena anakayikira kuphatikiza kwa tayala ndi limuyo, ndipo bungwe la UCI linalengeza kuti liunika nkhaniyo. Amene amatsika mapiri a Zomba kapena a Golomoti pa liwiro la galimoto ali ndi chifukwa chomvetsera. Wogula wilo lakaunjika alowetse chala m'kati mwa chipupa amve ngati kambedza kalipo asanaganize za tayala lililonse.

Ena amati kugwiritsa ntchito chida poveka tayala ndi umbuli, wodziwa amaveka ndi manja okha. Mawu amenewa amanenedwa kwambiri ndi anthu a manja akuluakulu amene amaveka matayala tsiku ndi tsiku. Mtsikana wa zaka 16 amene wayamba kumene mipikisano, bambo wachikulire wa nyamakazi m'zala, kapena aliyense amene manja ake achita dzanzi ndi chisanu cha mu June, alibe chifukwa chochitira manyazi. Chovulira chapulasitiki chikalowetsedwa mosamala, pang'onopang'ono kuchokera m'mphepete mwa kachigawo kotsala, sichitsina chubu. Palinso chida chopangidwira ntchito yomweyi, monga Tire Bead Jack ya Kool Stop, chimene chimatsamira chipupa chimodzi cha limu n'kukokera mlomo pamwamba pa chinzake popanda kukhudza chubu. Funso loyenera si lakuti waveka ndi chiyani, koma ngati chimene wavekeracho chidzakhala m'thumba pa tsiku la tsoka.

N'chifukwa chake kugula tayala kuyenera kufanana ndi kugula nsapato. Wokhala ku Lusaka, ku Harare, ku Lilongwe kapena ku Johannesburg, kumene sitolo ya njinga zothamanga ingapezeke, anyamule wilo lake popita kukagula, ndipo wogulitsa wanzeru alole kuti tayalalo liyesedwe pomwepo, makamaka ndi manja a wogulayo. Amene amadalira m'bale wa ku Cape Town kapena ku London kuti awagulire ali pa chiopsezo chachikulu, pakuti tayala lobwera m'chikwama cha mlendo silibwezedwa. Iwowa atumize chithunzi cha manambala a pa limu ndi a pa tayala lakale, aitanitse limodzi loyesera asanaitanitse anayi, ndipo apemphe kuti m'phukusimo mukhale tepi yopyapyala. Tayala likafika, livekedwe ndi kuvulidwa kunyumba kawiri ndi zida zokhazo zimene zimayenda ndi njinga. Likakanika pakhonde, pali madzi, mthunzi ndi nthawi, silidzatheka pamsewu.

Mafakitale nawo ali ndi ngongole imodzi yosavuta kubweza. Pa limu pamalembedwa manambala monga 622 x 19, kutanthauza kukula kwake ndi kutambalala kwa m'kati mwake, ndipo pa bokosi la tayala pamalembedwa kulemera, kuchuluka kwa ulusi ndi mpweya wovomerezeka. Kuzama kwa ngalande, kumene kumalamula ngati tayala lilowe mwamtendere kapena ayi, wogula sakuona pa chomata cha pa limu, ngakhale kuti amene anajambula limuyo amakudziwa mpaka kachigawo ka milimita. Nambalayo italembedwa pambali pa 622 x 19, munthu wa ku Chipata woitanitsa wilo pa intaneti akanadziwa chimene akugula ndalama isanachoke m'manja.